Ku America mabwana apepukidwa, wantchito azipempha yekha fomu

Pa 23 Disembala 2024, kutatsala mwezi umodzi kuti achoke pampando, Joe Biden adasayinira lamulo la Paperwork Burden Reduction Act, lochepetsa mapepala amene olemba ntchito ku America amatumiza chaka ndi chaka. Mabwana adalilandira ndi manja awiri. Kwa wantchito, nkhaniyi siyosangalatsa kwenikweni.

Gwero lake ndi lamulo la Affordable Care Act lomwe Barack Obama adasayinira mu 2010. Lamuloli limakakamiza kampani ya antchito okhazikika 50 kapena kuposerapo kupereka mwayi wa inshuwalansi ya zaumoyo kwa antchito osachepera 95 mwa 100 aliwonse, pamodzi ndi ana awo osafika zaka 26. Wokhazikika ndi amene amagwira maola osachepera 30 pa sabata. Mkazi kapena mwamuna wa wantchito sadawerengedwemo.

Inshuwalansiyo isakhale yachiphamaso. Mu 2025, ndalama zomwe wantchito amadulidwa polipirira iye yekha sizimayenera kupitirira 9.02 peresenti ya zomwe banja lake limapeza. M'chaka chomwecho, kampani yomwe sidapereke konse inshuwalansi inkalipitsidwa $2,900 pachaka pa wantchito wokhazikika aliyense, kuchotsapo 30, bola ngati mmodzi mwa iwo adathandizidwa ndi boma pogula inshuwalansi yakeyake.

Nanga boma limadziwa bwanji kuti kampani yatsatira lamulo? Apa m'pomwe pali fomu ya 1095-C. Pafomuyi kampani imalemba, mwezi ndi mwezi, ngati idapereka inshuwalansi kwa wantchito ndi mtengo wake, kenaka imatumiza pa intaneti ku bungwe lotolera misonkho la IRS pofika pa 31 Malichi. Udindo umenewu sudasinthe. Chomwe chasintha n'chakuti kale wantchito aliyense ankatumiziridwa yake, pomwe tsopano kampani ikhoza kungoika chidziwitso patsamba lake la pa intaneti, n'kudikira wopempha. Lamulo lina lomwe lidasayinidwa nthawi yomweyo lidapatsanso makampani masiku 90, m'malo mwa 30, oyankhira IRS ikawaganizira chindapusa.

Dandaulo la mabwana lidali ndi mutu ndithu. Kuyambira mu 2019, boma lalikulu sililipitsanso munthu wopanda inshuwalansi, choncho ambiri sankaona ntchito ya fomuyi.

Komabe pepalali ndiwo umboni wa wantchito. Munthu amene kampani idamupatsa mwayi wa inshuwalansi yoyenera saloledwa kulandira thandizo la boma lija, ndipo akalandira akhoza kuuzidwa kuti abweze. Ngati kampani yalemba kuti idapereka pomwe sidapereke, kaya mwadala kaya molakwitsa, mwini wake adziwa bwanji asanaone fomuyo? Ndipo amene angagwe m'mavutowa si a m'maofesi, koma wogulitsa m'sitolo kapena wosamalira okalamba, amene maola ake amakwera ndi kutsika mozungulira 30 pa sabata. Kuyembekezera kuti munthu wotere, ataweruka usiku, akafufuze chidziwitso patsamba la kampani, n'kumusenzetsa katundu amene adatulidwa kwa bwana.

Palinso msampha wina. Zigawo monga California, New Jersey ndi Massachusetts zili ndi malamulo akeake ndipo zikulipitsabe chindapusa munthu wopanda inshuwalansi. Wokhala kumeneko umboni akuufunabe monga kale. Akapempha fomuyo, kampani ili ndi masiku 30 oti imupatse, kapena mpaka pa 31 Januwale ngati wapempha msanga.