WhatsApp kapena Signal? Phunziro la ku banki m'khonde

Loweruka lapitali, titamaliza kuponya masheya ku banki m'khonde yathu kuno ku Khombedza, mchimwene wanga wamng'ono, yemwe ali pa holide kuchokera ku koleji, anandikokera pambali.

"Achemwali, inu ndinu mlembi wa gulu. Mayina a anthu angongole mumangowaponya pa WhatsApp? Bwanji osasamukira ku Signal? Ija ndi ya open source."

Ndinamufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Iye analoza buku lathu la ndalama. Bukuli timaliwerenga poyera, ndipo aliyense akhoza kuona ngati mlembi walakwitsa masamu. Signal ili choncho: ndondomeko yomwe inapangidwira ili poyera, katswiri aliyense atha kuifufuza n'kuulula ngati muli kachinyengo. WhatsApp ndi buku lotseka, eni ake okha ndiwo amaona zam'kati.

Nditafufuza ndinapeza kuti awiriwa ndi pachibale. WhatsApp anaiyambitsa Jan Koum ndi Brian Acton mu 2009, ndipo Facebook, yomwe lero ndi Meta, inaigula mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Acton atachokako, mu 2018 anaika madola 50 miliyoni poyambitsa Signal Foundation, bungwe losafuna phindu. Komanso loko yomwe imatseka mauthenga a pa WhatsApp kuyambira 2016 ndi ya Signal yomweyo.

Ndiye kuti Meta siingawerenge zomwe ndalembera mayi anga. Koma imadziwa nambala yanga, mtundu wa foni yanga, komanso nthawi yomwe ndili pa intaneti, ndipo ndi kampani yodyera malonda otsatsa. Signal imasunga zochepa kwambiri za ife. Nanga Telegram, komwe ambiri timakatengako mafilimu? Macheza wamba a kumeneko, ngakhalenso a m'magulu, alibe loko wotere pokhapokha mutatsegula Secret Chat ya anthu awiri.

Tinayesa kusamuka. Mwa anthu 18 a m'gulu lathu, anayi okha ndi amene anaika Signal. Mayi wina wogulitsa usipa anandiyankha mosapsatira mawu: "Asisi, makasitomala anga a ku Lilongwe onse ali pa WhatsApp. Ndikalankhule ndi ndani kumeneko?" Wina foni yake inali yodzadza kale. Chachikulu ndi bandulo. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp, pomwe Signal imafuna bandulo ya intaneti yonse. Kwa munthu amene amawerengera kwacha iliyonse, nkhani imathera pomwepo.

Mchimwene wanga anakhumudwa, koma ine ndinaphunzirapo kanthu. Chinsinsi cha gulu lathu sichinkathawira ku America ayi. Chinkathawira pa mpopi, kudzera mwa amene amajambula screenshot n'kutumizira mnzake, kapena mwamuna wotsegula foni ya mkazi wake yopanda pasiwedi. Pamenepo ngakhale Signal siingakuthandizeni.

Choncho tagwirizana izi. Gulu likhalabe pa WhatsApp, koma pongoitanirana misonkhano. Mayina a angongole azikhala m'buku, m'bokosi la maloko atatu lija. Aliyense atsegule two-step verification, ndipo nambala zisanu ndi imodzi zobwera pa SMS asapatse munthu, ngakhale atati ndi abusa. Amene ali ndi WhatsApp zosinthidwa zija, zomwe anyamata amatumizirana pa Bluetooth, azichotse. Izo si open source, ndi buku lotseka lomwe mwini wake sadziwika n'komwe.

Ine Signal ndaisunga. Ndimalankhulirapo ndi msungichuma wathu komanso mchemwali wanga wa ku Johannesburg pa nkhani za kuchipatala ndi za ndalama. Zamaliro, zaukwati ndi zithunzi za ana zikupitabe pa WhatsApp.

Inu musanatumize uthenga mawa, tadzifunsani kaye: uwu utamveka pa msika, ndingagone tulo?