Kompyuta ya pamkono sidziwa kuti kwanu n'kuphiri

Tsiku lomwe ndinauza amayi kuti ndalembetsa maphunziro osambira pansi pa madzi ku Cape Maclear, anaika chipande pansi n'kundiyang'ana. "Iwe mwanawe, Mngoni ndi madzi zinayamba liti? Sukulu yonse ija ukufuna ukaipereke kwa ng'ona?" Sindinawatsutse. Kwathu ku Lizulu timadziwa mbatatesi, kabichi ndi chifunga cha mu June. Madzi akuya omwe ndinakula ndikuwaona ndi a pachitsime chothirira kudimba basi.

Koma ndinapitabe, ndipo sindinong'oneza bondo. Pafupi ndi chilumba cha Thumbi ndinaona mbuna zamabuluu ndi zachikasu zikundizungulira ngati ndine mwala wawo. M'pake kuti malowa, omwe ali mu Lake Malawi National Park, anaikidwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Azungu amalipira ndege kudzaona zimenezi, pomwe ife n'kungotsika phiri.

Chibwerereni, anzanga angapo akhala akundifunsa za kachipangizo kangati wotchi komwe ndinavala pamkono pa zithunzi zanga. Ena afika potumiza zithunzi za zomwe aziona pa intaneti, amvekere, "Nanga iyi bwanji, aise?" Ndiye lero tikambirane za kompyuta yodaivira: ntchito yake, komanso zoyenera kuona musanataye ndalama.

Mpweya womwe timapuma, pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse ndi naitirojeni. Kumtunda kuno sativutitsa. Koma ukamatsika m'madzi, pa mamita 10 alionse thupi limapanikizika ndi mphamvu ina yofanana ndi ya mpweya wonse wa mlengalenga, ndipo naitirojeni uja amayamba kulowerera m'magazi ndi m'minofu. Ukakwera pang'onopang'ono, amatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo. Ukakwera mothamanga, zimakhala ngati watsegula botolo la Fanta lomwe wangolikhutchumula: thovu. Kusiyana kwake n'kwakuti thovuli limapangika m'thupi mwako. Zotsatira zake ndi kuphwanya kwa m'mfundo, dzanzi, chizungulire, kufooka, mwinanso kufa ziwalo kumene.

Kompyuta ija ntchito yake n'kuwerengera zimenezi. Imayeza kuya komwe uli ndi nthawi yomwe wakhala, n'kumakuuza mphindi zomwe zakutsalira. Ukamakwera mofulumira imalira. Ukafika pa mamita 5 imakuwerengera mphindi 3 zoima kaye usanatulukire pamwamba. Kale anthu ankawerengera okha pa matebulo, omwe oyamba odalirika anachokera ku kafukufuku wa John Scott Haldane mu 1908. Pano kachipangizoka kamachita masamuwo sekondi iliyonse.

Tsono nkhani yanga. Linali Lamulungu, ndinali nditadaiva kawiri m'mawa, ndipo masana ake amalume ankachokera ku Monkey Bay pa lole yomwe inakasiya mbatatesi. Ulendo waulere mpaka pakhomo, kudzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere. Ndikulongedza chikwama, mlangizi wathu anandifunsa kuti, "Achemwali, kwanu munati n'kuti?" Nditamuyankha, anandionetsa kachizindikiro ka ndege pa kompyuta yomwe ndinabwereka ija. Ndinaseka. "Ine ndege? Ndikukwera lole ya mbatatesi!" Iye sanaseke. Anati thupi silidziwa kusiyana kwa ndege ndi lole, limangodziwa kuti lakwera m'mwamba.

Ankanena zoona. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere. Boma la Ntcheu lili pamwamba kupitirira mamita 1,000, ndipo ku Lizulu ndi ku Tsangano n'kokwera kuposa pamenepo. Ukamakwera phiri mpweya umapepuka, ndiye naitirojeni wotsalira m'thupi uja amapeza mpata wopanga thovu. Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola osachepera 12 usanakwere ndege ngati wadaiva kamodzi, ndi maola 18 ngati wadaiva kangapo kapena masiku otsatizana. Mlangiziyo anati kwa munthu wokwera chitunda ngati chakwathu, nzeru ndi yomweyo. Lole inapita. Ndinalipira malo ogona usiku wina, ntchito ya Lolemba ndinalembera pafoni, mtima ukuwawa. Koma ndinafika kwathu ndi miyendo yanga.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chomwe ndimauza wofuna kugula si mtundu kapena kukongola ayi, koma ichi: kodi kompyutayo imadziwa kuti nyanja yathu ili pamtunda? M'maphunziro a PADI, kudaiva kulikonse pamalo okwera kupitirira mamita 300 kumakhala ndi malamulo akeake, ndipo nyanja yathu yonse ili m'gulu limenelo. Vutoli si lathu lokha. Dokotala wa ku Zürich, Albert Bühlmann, analifufuza kwambiri chifukwa nyanja za ku Switzerland zili m'mapiri, ndipo makompyuta ambiri lero amagwiritsa ntchito masamu ake. Ena, monga Shearwater Peregrine, amayeza okha kukwera kwa malo. Ena umachita kuwauza. Pa Suunto Zoop Novo pali magawo atatu: A0 mpaka mamita 300, A1 mpaka 1,500, ndi A2 mpaka 3,000. Ndiye kuti pa nyanja yathu mpofunika A1. Ukaisiya mmene inachokera kusitolo, izikuwerengera ngati uli ku Beira, n'kukupatsa mphindi zomwe ulibe. Makampani amagawa mosiyana, choncho werengani kabuku kake. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, madzi athu ndi opanda mchere, ndiye ndi opepukirapo kuposa a ku Indian Ocean. Kompyuta yotcheredwa pa madzi amchere imaonetsa kuya kochepera pang'ono, pafupifupi magawo 3 pa 100. Si zoopsa kwenikweni, poti masamu a naitirojeni imatengera kupanikizika kwa madzi osati nambala ya mamita. Komabe yomwe imalola kusankha mtundu wa madzi ndi yabwinopo.

Chachitatu, batire. Zooneka bwino zamitundumitundu zija zimafuna kutchaja, ndipo tonse tikudziwa mmene zimakhalira magetsi akathima usiku wonse. Zosavuta monga Mares Puck Pro kapena Cressi Leonardo zimayendera kabatire kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, komwe umatha kusintha wekha. Pogula, gulirani limodzi batire lapadera ndi kamphira kotchinga madzi, chifukwa pa msika wa Lizulu simukazipeza.

Chachinayi, muziona manambala mosavutikira. Pansi pa madzi si malo ofinyira maso kapena kusakasaka batani. Manambala akuluakulu, batani limodzi kapena ochepa, basi. Woyamba kumene, satifiketi yake ya Open Water imamulola kufika mamita 18 okha, ndipo malire a onse odaiva mongosangalala ndi mamita 40. Ndiye makina opangidwira akatswiri otsika kupitirira apo ndi a chiyani? Kumeneko n'kugula thirakitala yolimira bedi limodzi la mpiru.

Wina anandifunsa ngati wotchi yake yamakono ingagwire ntchitoyi poti inalembedwa kuti silowa madzi. Ayi. Kusalowa madzi ndi kuwerengera naitirojeni ndi zinthu ziwiri. Zilipo zochepa zomwe zimachita zonse, monga Garmin Descent, kapena Apple Watch Ultra ikakhala ndi pulogalamu ya Oceanic+, koma mtengo wake ndi nkhani ina.

Ndipo pa za mtengo tisanamizane. Ngakhale zotchipa zimafika madola mazana angapo, osawerengera kutumiza ndi msonkho. Ngati mumapita kunyanja kamodzi pachaka pa Khirisimasi, musagule. Funsani kusukulu yodaivira ngati amabwereketsa, n'kupempha kuti akuonetseni mmene aitcherera. Ngati achimwene a ku Joni akupezerani yakaunjika, musalowe nayo m'madzi mlangizi asanaiyese poiyerekeza ndi yake, chifukwa kachipangizo koyeza kuya kakafooka sikaoneka ndi maso. Chinanso, kompyuta sabwerekana tsiku limodzi. Imasunga mbiri ya thupi la yemwe waivala. Mukasinthana ndi bwenzi lanu masana, nonse awiri mwanamizidwa.

Pomaliza, ngakhale yodula bwanji, kompyuta imangoyerekeza. Sidziwa kuti dzulo munachezera mowa, kuti simunamwe madzi, kapena kuti lole ikukudikirani pa Monkey Bay. Mukatuluka m'madzi n'kumva dzanzi, kuwawa kwa m'mfundo kapena kutopa kosadziwika bwino, musati ndi malungo. Uzani mlangizi msanga, pumani okosijeni ngati alipo, pitani kuchipatala ndipo mukanene momveka kuti munadaiva. Chithandizo chenicheni cha matendawa chimafuna chipinda chapadera chopanikiza mpweya, chomwe si chinthu chopezeka pa chipatala cha boma lililonse. Kwa ife, kupewa ndiye mankhwala.

Ine sindinagulebe yanga. Ndikusunga pang'onopang'ono, ndipo ndikudziwa yomwe ndikufuna: ya manambala akuluakulu, batire losintha ndekha, yodziwa za mapiri. Chomwe chasintha n'chakuti ndikamakonza ulendo wa kunyanja, tsiku lomaliza ndimalisiyira kukhala pamchenga ndi kudya kampango. Amayi nditawafotokozera chifukwa chomwe ndinasiyira lole ya amalume, anangoti, "Ndiye kuti kawotchiko kali ndi nzeru kuposa iwe." Ndinawauza kuti ayi, kawotchiko kanangoonetsa ndege. Yemwe anafunsa zakwathu anali munthu.