Za Munthu wa Mtengo Wapatali wa ku Cleveland

Ku Amerika kuli masewera a mpira osiyana ndi athu ano. Mpira wace ngwosongoka uku ndi uku, augwira ndi manja, ndipo mbali iri yonse kuima anthu 11. Mwa iwo alipo mmodzi amene amucha quarterback. Ndiye alandira mpira poyamba, nauponya kwa anzace, nawatsogolera monga kapitao pa nchito. Tifuna kunenapo za munthu wotere wa gulu la Cleveland Browns, dzina lace Deshaun Watson, pakuti alipo ena amene anati gululo linacita bwino pomsunga, ndipo ife tikana.

M'mwezi wa March 2022 eni a Browns anamtenga ku gulu la Houston Texans, napangana naye madola mamiliyoni 230 pa zaka zisanu, ndiwo mamiliyoni 46 caka cimodzi. Ndipo analemba kuti ndalamazo adzalandira zonse, angakhale asewera, angakhale agona pamphasa. Sizinathere pomwepo ai. Caka ndi caka magulu asankha anyamata aluso ocokera ku masukulu akuru, ndipo Browns anapatsa Houston malo ao oyamba osankhira a 2022, 2023 ndi 2024. Inu olima mudziwa dzina la munthu amene agulitsa mbeu za zaka zitatu kuti agule ng'ombe imodzi.

Ndipo sanagula mumdima. Munthuyo sanasewera konse m'caka ca 2021, ndipo akazi oposa 20 anali atamsumira milandu ya zonyansa. Iye anakana, ndipo sanaimbidwa mlandu wa boma. Koma akuru a masewerawo anamletsa masewera 11, namlipitsa madola mamiliyoni 5. Eni gulu anamva madandaulo a akazi aja, nawayesa opepuka poyerekeza ndi dzanja loponya bwino. Ici cokha citikwanira ife, koma popeza otsutsana nafe akonda kuwerenga, tiyeni tiwerenge nao.

Pa zaka zitatu, 2022 kufikira 2024, gululo linali ndi masewera 51. Watson analowa 19 okha. Anapambana 9, nagonja 10. Mu 2023 anatyoka phewa, mu October 2024 unaduka mtsempha wa ku citende, ndipo mu January 2025 kunamveka kuti wadukanso. Za kupweteka sitimtonza, pakuti thupi ndi thupi. Koma mu 2024 anagonja masewera asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri amene analowa, ndipo gulu linatsiriza cakaco litapambana katatu kokha.

Anena kuti, Nanga mu 2020 sindiye anaposa onse poponya mpira? Inde, koma kumeneko kunali ku Houston, ndipo mlimi sadya cimanga ca m'munda wa mwini. Anenanso kuti, Mu 2023 anapambana kasanu mwa kasanu ndi kamodzi. Nzoona, koma taonani cimene cinacitika iye atacoka. Anaitana Joe Flacco, wa zaka 38, amene anangokhala kwao wopanda gulu, nampatsa mphotho yaing'ono. Ndipo mkuluyo anapambana kanai mwa kasanu, nafikitsa gulu ku masewera otsiriza olimbirana ulemu. Cimeneci citiphunzitsa kuti mphamvu inali mwa anzace ochinga ndi olanda mpira. Ndipo amene anawagonjetsa kumeneko, 45 kwa 14, anali a Houston omwe aja.

Mau ao olemera ndi awa: Ndalama tapangana kale, ndipo tikamcotsa tidzalipirabe. Apa tiyenera kufotokoza. Lamulo la masewerawo liika malire a ndalama zimene gulu liri lonse lingapatse anthu ace 53 pa caka. Iri ngati nkhokwe imodzi ya mudzi wonse, ndipo mmodzi akatapa kwambiri otsalawo acepekedwa. Pocotsa munthu, mangawa ace awerengedwabe m'nkhokwemo. Tibvomera kuti cimeneci ncowawa. Koma ndalamazo zatayika ngakhale akhale, ngakhale acoke. Cotsala m'manja mwa eni ndico malo, ndi zaka za anyamata enawo, zimene sizibwerera. M'malo mwace Browns anangokonzanso pangano kawiri kawiri, nakankhira mangawa ku zaka za m'tsogolo, monga wa ngongole amene akongola kwina kuti atseke kuno.

Njira yina inalipo, ndipo anaiona ndi maso. A Denver Broncos anali ndi Russell Wilson, nayenso wa mtengo waukuru wosabala zipatso. Mu March 2024 anamcotsa, nasenza mangawa a madola mamiliyoni 85, nasankha mnyamata Bo Nix. Ndipo caka comweco anapambana masewera 10, nafika ku masewera otsiriza aja. Mtolo wa Cleveland ukadaposa wa Denver, sitibisa. Koma anaumanga okha. Ndipo mu March 2025 mwini gulu, Jimmy Haslam, anabvomera pamaso pa olemba nkhani kuti pomtenga Watson anaphonya kwakukuru, atatha zaka zitatu alikumsunga.