Zolemba za chipangizo cha m'basi ndi za yani?

Mu 2023 boma la Zimbabwe linalamula kuti mabasi aziikidwa zipangizo zochepetsa liwiro ndi kulemba mayendedwe ake. Anthu a ku Chitungwiza, amene amalawirira ku Harare kudzera mumsewu wa Seke, sangakane zimenezi, pakuti pangozi chipangizocho ndi mboni yosalandira chiphuphu.

Komatu mboniyi sigona. Imadziwa pamene dalaivala anaima ku Zengeza ndi pakhomo pamene galimoto inagona. Mwini basi, apolisi ndi a inshuwalansi onse angazifune zimenezi.

Gawo 57 la malamulo aakulu a dzikoli limateteza zinsinsi za munthu, ndipo lamulo la 2021 linapatsa bungwe la POTRAZ udindo wozilondera. Bungweli linene poyera amene ayenera kuona zolembazo ndi masiku ozisungira. Dalaivala nayenso aziziona asanachotsedwe ntchito chifukwa cha izo.