Delhi: Anthu Amavotera Mfumu, Makiyi Ali ndi Wina

Pali chinyengo china cha ndale chimene chimandinyansa kuposa kuba mavoti. Ndi chija chouza anthu kuti dzukani m'mamawa, kaimeni pamzere, sankhani mtsogoleri wanu, kenaka mtsogoleriyo n'kumulanda mphamvu zonse zimene anthuwo amamusankhira. Voti yawerengedwa bwinobwino, palibe wabera, koma ntchito yake n'kukhala yokongoletsa chabe. Amene akufuna kuona chinyengochi chitavala suti ayang'ane mpando wa Nduna Yaikulu ya Delhi, dera limene kuli likulu la dziko la India.

Tiyambe ndi kukula kwa malowa, kuti tisamaganize kuti tikukamba za katauni. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 16.8 miliyoni mu Delhi. Wa ku Malawi wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni dziko lonse. Ndiye kuti tikukamba za khwimbi lofanana ndi Amalawi onse, lothithikana pa masikweya kilomita 1,483. Anthu amenewa ali ndi nyumba yawo ya malamulo ya mipando 70, ndipo mtsogoleri wa chipani chopambana ndiye amakhala Nduna Yaikulu. Dongosololi linalowa m'malamulo aakulu a India mu 1991, zisankho zake zoyamba n'kuchitika mu 1993.

Koma lamulo lomwelo linachotsa zinthu zitatu m'manja mwa wosankhidwayo: apolisi, bata ndi malo. Izi zili m'manja mwa boma la dziko lonse, kudzera mwa bwanamkubwa yemwe kumeneko amamutcha Lieutenant Governor. Bwanamkubwayu savoteredwa ndi munthu ndi mmodzi yemwe. Amaikidwa ndi Pulezidenti wa India motsatira zofuna za boma lalikulu. Tangoganizani, anzanga. Mtsogoleri wa mzinda yemwe sangalamule wapolisi, ndipo sangapeze malo omangapo sukulu popanda kukagwada kwa munthu wosasankhidwa. Mzinda ukachotsapo chitetezo ndi malo, chatsala n'chiyani?

Zotsatira zake zinaonekera poyera mu December 2012, pamene mtsikana wa zaka 23 anagwiriridwa mwankhanza m'basi mu Delhi n'kumwalira patapita masiku. Anthu anakhamukira m'misewu ndi mkwiyo, ndipo wina mwa amene unawagwera ndi Sheila Dikshit, yemwe anali Nduna Yaikulu kuyambira 1998. Mayiyu anayankha kuti apolisi sali pansi pake, ndipo sananame. Koma kholo lolira lipite kwa ndani ndi yankho lotere? Amene linamuvotera alibe mphamvu. Amene ali ndi mphamvu silingamuchotse ndi voti ya mumzinda. Dongosolo limeneli limapatsa aliyense pothawira, ndipo wotsala padzuwa ndi mwini voti.

Kenaka kunabwera Arvind Kejriwal ndi chipani chake cha Aam Aadmi. Mu 2015 anatenga mipando 67 mwa 70. Mu 2020 anatenga 62. Mavoti otere sasowa womasulira. Koma kulikulu kunali Narendra Modi ndi chipani cha BJP, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi. Mu June 2018 Nduna Yaikulu ya anthu mamiliyoni inagona masiku 9 pamipando ya m'chipinda chodikirira alendo kwa bwanamkubwa Anil Baijal, kudandaula kuti akuluakulu a m'maofesi sakubwera kumisonkhano ya nduna zake. Ena anati ndi sewero, ndipo Kejriwal masewero amawatha ndithu. Koma sewerolo linatheka chifukwa lamulo linamanga kale bwalo lake.

Tsono mverani mmene anasewerera ndi makhothi. Pa 4 July 2018 khothi la Supreme linagamula kuti, kupatula zinthu zitatu zija, bwanamkubwa azitsatira malangizo a nduna zosankhidwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya India inayankha ndi lamulo loti mawu akuti "boma" m'malamulo a Delhi azitanthauza bwanamkubwa. Eetu, boma ndi iye amene sanavoteredwe. Pa 11 May 2023 majaji asanu, motsogoleredwa ndi D.Y. Chandrachud, anagamulanso kuti ogwira ntchito m'boma la Delhi azilamulidwa ndi boma losankhidwa, chifukwa nduna yosatha kulanga kapena kusamutsa wantchito singayankhe kwa ovota. Patangotha masiku 8, pa 19 May, boma lalikulu linatulutsa lamulo lapangozi lofafaniza chigamulocho, ndipo mu August linakhala lamulo lenileni. Anakhazikitsa komiti ya anthu atatu yoona za kusamutsa akuluakulu a m'maofesi: Nduna Yaikulu ndi akuluakulu awiri oikidwa ndi boma lalikulu. Pamenepo amavota, ambiri apambane. Awiri kwa mmodzi. Pakakhala kusamvana, mawu omaliza ndi a bwanamkubwa. Munthu wa mipando 62 kugonja pavoti kwa alembi ake omwe! Chipongwe china chimafunika luso kuchipanga.

Ndikudziwa zimene oikira kumbuyo dongosololi amanena, ndipo si zopusa. Amati likulu ndi la dziko lonse. Kuli Nyumba ya Malamulo, nyumba ya Pulezidenti, akazembe a maiko akunja. Simungasiye chitetezo cha zonsezi m'manja mwa wandale wa mumzinda yemwe mawa angadane ndi boma n'kuuza apolisi kuti apinde manja. Ndikuvomera. Koma maofesi amenewo ali m'kachigawo ka New Delhi, kamene sikafika ndi masikweya kilomita 45 omwe. Tengani kameneko, ikanimo apolisi anu, katetezeni mmene mungafunire. Nanga mayi wogulitsa tiyi ku Seelampur, kapena woyendetsa njinga ya matola ku Najafgarh, akukhudzana bwanji ndi chitetezo cha kazembe? N'chifukwa chiyani iye yekha, mosiyana ndi mnzake wa ku Kerala kapena ku Punjab, asakhale ndi mawu pa wapolisi wa pakhomo pake?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti onse akudziwa kuti ndi zolakwika. BJP yomweyi inkafuula kuti Delhi ipatsidwe mphamvu zonse ngati zigawo zina. Mu 2003 L.K. Advani, mmodzi wa akuluakulu ake, anabweretsa bilu yake m'Nyumba ya Malamulo, koma inafera m'njira. Congress nayo inalamulira dziko ndi mzinda nthawi imodzi kuyambira 2004 mpaka 2013, osakonza kanthu. Aliyense amalira akakhala pansi. Akakwera pamsana pa njovu amati kunja kulibe mame.

Wina anena kuti nkhaniyi inatha, poti mu February 2025 BJP inapambana mipando 48, Kejriwal anagwa ngakhale m'dera lake, ndipo Rekha Gupta ndiye Nduna Yaikulu tsopano. Phokoso lachepadi. Koma bata limeneli ndiye umboni wanga waukulu. Pokopa anthu, BJP imakonda kulonjeza boma la injini ziwiri, kutanthauza chipani chimodzi kumtunda ndi kumunsi. Tamvetsani bwino uthengawo: mukativotera ife zinthu ziyenda, mukavotera ena tikhoma mabuleki. Kumeneko n'kuopseza ovota, ngakhale kukunenedwa ndi nkhope yomwetulira. Mpando umene umagwira ntchito pokhapokha wokhalapo akhale wa chipani cha bwana ndi wobwereka, ndipo Rekha Gupta adzazindikira zimenezi tsiku limene kulikulu kudzalowe ena.

Sindikuti Kejriwal anali mngelo. Mtsinje wa Yamuna, umene analonjeza kuuyeretsa, udakali kuchita thovu, ndipo utsi wa mu November udakatsamwitsa ana. Ovota anali ndi ufulu womuchotsa, ndipo anamuchotsa. Ndiye ubwino wa voti umenewo. Bwanamkubwa angalephere chotani, palibe mzere umene anthu a Delhi angaimepo kuti amuchotse.

Ine ndikuti India isankhe chimodzi. Ngati ikuona kuti anthu a likulu sayenera kudzilamulira, inene poyera, ithetse mpandowo monga inachitira mu 1956, dziko lonse lione. Ngati ikuona kuti ayenera, ipereke apolisi, malo ndi antchito kwa amene anthuwo amusankha, kuti akalephera asakhale ndi woloza chala. Zoitana anthu mamiliyoni kudzaveka munthu ufumu, ndodo n'kuibisa kuseri kwa chitseko, zithe.