Manyazi asatidyere ufa wa ana

Palibe mayi wopita kumsika kapena bambo wolandira malipiro amene akufunika kuuzidwa kuti kwacha idachepa mphamvu. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America yomwe inkagulidwa pafupifupi K1 180 kubanki idafika pa K1 700. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda ndi nyumba m'chigawo chakummwera, ndipo mu 2024 ng'amba idawotcha chimanga mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi. Dziko logula kunja mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala silikadalephera kumva ululu wa zonsezi, ndipo ululuwo umathera pamafuwa.

Mtengo wa shuga, sopo ndi mafuta ophikira sutifunsa maganizo, ndipo nkoyenera kuti tisatope kukumbutsa atsogoleri udindo wawo. Komabe pali ndalama zina zomwe zimatuluka m'nyumba kudzera pachitseko chomwe tatsegula tokha. Chomvetsa chisoni nchakuti zinthu zikathina, mabanja ambiri amayamba kuchepetsa zapambale. Ana amapita kusukulu osamwa phala, ndiwo zimangokhala zolawa, mayi amagona ndi njala ponamizira kuti akhuta. Pamene zili choncho, nsalu ya yunifomu yaukwati wa mnansi yagulidwa kale, ndipo mufoni simukusowa mayunitsi. Ife tikuti dongosolo lotere nlopotoka. Banja lofuna kupulumutsa ndalama liyambe ndi kusiya zomwe limagula poopa maso a anthu, kenako litseke mong'ambika momwe chuma chimatayikira mwakachetechete, ndipo mbale ya mwana ikhale yomaliza kukhudzidwa.

Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kudzenje. Malembo nawo amationetsa banja lomwe silidachite manyazi ndi kuchepekedwa kwake. Lamulo la Mose, pa Levitiko 12, linkafuna kuti mayi amene wabereka apereke mwana wankhosa, koma linkalola wosauka kupereka mbalame ziwiri m'malo mwake. Luka, m'mutu wachiwiri, akutiuza kuti Yosefe ndi Mariya atapita ndi khanda Yesu ku Kachisi ku Yerusalemu adapereka mbalame ziwiri, nsembe ya anthu osauka. Sadakongole nkhosa kuti aoneke bwino pamaso pa ansembe. Adaima pagulu ndi chomwe adali nacho, ndipo Mulungu adalandira. Ngati banja lolera Mpulumutsi wa dziko lidatero, ife tikuopa diso la yani?

Taonani mmene maukwati athu akuyendera masiku ano. Ukwati umodzi ukumabala maphwando angapo: chinkhoswe cha muholo, mwambo wotsanzikana ndi mkwatibwi, kenako tsiku lenilenilo, ndipo mwambo uliwonse uli ndi nsalu yake, keke yake, zokuzira mawu zake ndi perekaniperekani wake. Achinyamata akulowa m'banja atasenza ngongole, ena akungolowana popanda mdalitso chifukwa akuopa mtengo wa madyerero. Chikhalirecho, chomanga banja pamaso pa Mulungu ndi malonjezo a anthu awiri, ankhoswe ndi mboni, ndipo zimenezi sizilira mdipiti wa magalimoto. Kwa oitanidwa tikuti, si tchimo kupita kuukwati mutavala chovala chanu cha Lamulungu, ndipo si mwano kupereka mphatso yomwe mungathe nkukhala pansi osabwereranso kubwalo kachiwiri.

Nkhani ya maliro njowawa, ndipo tikuikhudza mwaulemu. Kulira ndi olira ndi udindo wathu, ndipo chipepeso chisathe pakati pathu. Koma taona mabanja akugulitsa munda kapena ziweto kuti agule bokosi lodula, nkudzasonkhanso ndalama zambiri chaka chotsatira pomanga ndi kuvundukula chiliza, pamene ana a malemuwo asiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Ulemu woposa womwe tingapereke kwa m'bale amene watsogola ndi kuphunzitsa ana ake ndi kusiyira mkazi wake wamasiye pogwira. Akuubanja akamakhala pansi kukonza mwambo, pakhale wina wolimba mtima wofunsa kuti otsalawa adzadya chiyani anthu akabalalika pasiwa.

Tikachoka pa za manyazi, tifike pa ndalama zotayika mosadziwika. Ambuye Yesu, pa Luka 14, adapereka chitsanzo cha munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera ngati ali ndi zokwanira kuitsiriza. Mabanja ambiri sadziwa komwe ndalama zawo zimapita chifukwa sadayesepo kulemba. Tikupempha khomo lililonse kuti lipeze kope, ndipo kwa mwezi umodzi lilembe chilichonse chogulidwa, kuyambira thumba la makala mpaka machesi. Zotuluka m'kopemo zimadabwitsa. K500 yokha patsiku, kaya ya mayunitsi, kaya ya chakumwa, kaya ya kubetcha mpira pafoni, imakwana K15 000 pamwezi ndi K182 500 pachaka. Juga ya mpira makamaka yalowa m'makomo ngati chiswe. Mwini kampani adawerengera kale kuti atsale ndi phindu, kotero wobetcha tsiku ndi tsiku akudyetsa banja la wina.

Kopelo silingathandize ngati m'nyumba muli chinsinsi. Alipo abambo omwe akhala m'banja zaka makumi awiri koma akazi awo sadziwa malipiro awo, ndipo alipo amayi omwe ali ndi ngongole m'magulu atatu a banki m'khonde amuna awo osadziwa. Mutu umodzi susenza denga. Anthu omwe adalumbira kuguwa kuti ndi thupi limodzi asakhale ndi matumba awiri obisirana. Bambo ndi mayi akhale pansi tsiku lomwe ndalama yalowa, isanayambe kumwazika, ndipo agwirizane kuti chakudya, lendi, sukulu ndi zachipatala zipatulidwe poyamba. Ana osinkhuka nawo auzidwe zoona. Mwana amene akudziwa kuti nsapato zatsopano zidikira chifukwa cha fizi ya mlongo wake amaphunzira nzeru yomwe sukulu siphunzitsa.

Kwa ife odalira kumunda, chuma chachikulu chimatayika nthawi yokolola. Mu Meyi ndi Juni chimanga chimakhala mbwee ndipo mtengo umatsika, mavenda nkumazungulira m'midzi ndi masikelo awo. Pofika Januwale ndi Febuluwale, alimi omwewo amakagula chimanga chomwecho pamtengo wokwera kwambiri, nthawi zina pogwira ganyu m'minda ya ena pamene minda yawo ikulowa tchire. Yosefe wa ku Ejipito, pa Genesis 41, adalangiza Farao kuti asunge limodzi mwa magawo asanu a zokolola m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu, ndipo dziko lidapulumuka pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Banja lililonse limadziwa matumba omwe limadya pamwezi. Liwerengere mpaka kukolola kwina, lipatule amenewo, ndipo logulitsa likhale lotsala lokha. Chimangacho chiume bwino, chithiridwe mankhwala motsatira malangizo a alangizi, kapena chisungidwe m'matumba osalowa mpweya a PICS momwe anankafumbwe amafa okha. Nkulakwa kulima movutika chaka chonse nkusiyira tizilombo gawo la ana. A m'tauni nawo, ngati angathe, agule chimanga nthawi yokolola m'malo momagula timapepala ta ufa tsiku lililonse, chifukwa kugula pang'onopang'ono ndiko kumadula kwambiri. Mabanja awiri kapena atatu akhoza kusonkherana, kugula sopo, mchere kapena mafuta kuwolosale, nkugawana.

Kukhitchini nako kuli phunziro. Atadyetsa anthu zikwi zisanu ndi buledi musanu ndi nsomba ziwiri, Yesu adalamula ophunzira ake kuti atole zotsala kuti pasatayike kanthu, ndipo zidadzaza madengu khumi ndi awiri. Iye amene akadatha kuchulukitsanso chakudya mawa lake sadalole kuti nyenyeswa ziponderezedwe. Tisaphike nsima yoposa pakamwa pomwe tili napo, ndipo mkute usanyozedwe. Pokonola chimanga, gawo lina limapita kumadeya pamodzi ndi zakudya zofunika m'thupi, choncho mgaiwa umakhalitsa komanso umapatsa thanzi kuposa ufa woyera. Mbatata, chinangwa, maungu ndi chikondamoyo zimagwira pamimba kuposa buledi wogula. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa zotendera nsinjiro sizilira mafuta, ndipo agogo athu ankafutsa masamba nthawi yadzinja kuti mfutso udzawathandize m'chilimwe. Kadimba kakang'ono kuseri kwa nyumba, kothiriridwa ndi madzi otsukira ndiwo, kamachotsa ulendo umodzi wa kumsika. Izi si zakudya zaumphawi ayi. Manyazi okha ndi omwe adatiphunzitsa kuzinyoza.

Moto nawo umadya ndalama. Nyemba zoviikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga, mphika wovundikira sutaya kutentha, ndipo mbaula yadothi ya chitetezo imatha nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Amene ali ndi magetsi azimitse mababu m'zipinda zopanda anthu ndipo asite zovala zonse nthawi imodzi. Mpopi wodontha ukonzedwe lero, pakuti bilu ya madzi imawerenga ndi madontho omwe. Pa ulimi, manyowa a kompositi ndi a khola amachepetsa feteleza wogula ndipo amathandiza nthaka kusunga chinyezi.

Mdani wamkulu wa banja lochepekedwa ndi katapila. Wokongola K50 000 nkulonjeza kubweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha wataya K25 000 popanda chomwe wagula, ndipo mwezi wotsatira amabwereranso komweko chifukwa malipiro afika ataperewera kale. Ena mpaka amasiya khadi lawo la kubanki m'manja mwa wokongozayo. Buku la Miyambo, mutu 22, limafanizira wokongola ndi kapolo wa womukongoza. Pa 2 Mafumu 4 timawerenga za mkazi wamasiye amene ana ake awiri adatsala pang'ono kutengedwa ukapolo chifukwa cha ngongole. Mneneri Elisa adayamba ndi kumufunsa chomwe adali nacho m'nyumba, ndipo mafuta atachuluka adamuuza kuti agulitse, abweze ngongole, kenako adye zotsala ndi ana ake. Dongosolo lake ndi lomwelo kufikira lero: kuona chomwe tili nacho, kubweza ngongole yoluma kwambiri poyamba, ndi kukhala moyo wolingana ndi zotsala. Magulu a banki m'khonde ndi ma SACCO, omwe bungwe lawo la MUSCCO lidakhazikitsidwa mu 1980, ndi abwino posunga ndalama, koma ngongole yotengedwa kumeneko ipite ku geni kapena kumunda. Yogulira zovala za Khirisimasi imasanduka katapila yemweyo. Tisaiwale kuti chikondwerero cha Disembala chikangotha, teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale, ndipo njala ya Febuluwale imakhala ili pakhomo.

Mipingo nayo idziyang'ane. Sikoyenera kuti Mkhristu aziopa kupita kutchalitchi chifukwa Lamulungu lililonse kuli chopereka chapadera, kapena chifukwa mayina a opereka ndi ndalama zawo akuwerengedwa mokweza. Mtumwi Paulo adauza Akorinto kuti mphatso imalandiridwa molingana ndi chomwe munthu ali nacho, ndipo iperekedwe mokondwera, popanda kukakamizidwa. Pa Marko 7, Yesu adadzudzula atsogoleri omwe ankalola munthu kumana makolo ake thandizo ponena kuti chumacho adachipereka kwa Mulungu. Choncho wolalikira amene akuuza mayi kuti akongole ndalama kapena apereke fizi ya mwana kuti alandire chozizwitsa akulankhula zosemphana ndi Mwini mpingo. Makomiti a mipingo achepetse mayunifomu osinthasintha ndi maulendo odula, ndipo abusa alimbikitse poyera maukwati osalira zambiri. Mpingo ukachotsa manyazi, mabanja adzapuma.

Pomaliza, pali zinthu zomwe siziyenera kukhudzidwa ngakhale zitavuta motani. Mwana wotentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo ochedwetsedwa amadula kuposa ulendo wa kabaza. Mtsikana asasiyitsidwe sukulu kapena kukwatiwitsidwa kuti pakhomo pachepe pakamwa. Ndipo kusunga kusasanduke umbombo. Lamulo la Mose linkauza alimi kuti asakolole mpaka m'mphepete mwa munda, kuti osauka ndi alendo apeze pokunkha, ndipo Rute ndi apongozi ake Naomi adapulumukira pamenepo. Banja lomwe lasiya kuwononga ndi lomwe limakhala ndi kambale ka ufa kopatsa gogo woyandikana nalo.

Abale athu okondedwa, mitengo ya zinthu mwina sitsika msanga, koma sabata ino banja lililonse likhoza kugula kope, kukhala pamphasa imodzi, kupemphera, ndi kuuzana zoona za ndalama zomwe zilipo ndi ngongole zomwe zilipo. Anthu adzalankhula mukapita kuukwati opanda yunifomu, ndipo mawa lake adzaiwala. Ana anu sadzaiwala kuti m'zaka zovuta adadya, adaphunzira ndipo adaona makolo awo akugwirizana. Mulungu amene adalandira mbalame ziwiri za Yosefe ndi Mariya atipatse mtima wokhutira ndi nzeru zoyendetsera zochepa zomwe watiikiza.