KAMBALAME KAUTSA MKANGANO M'SITOLO

M'caka ca 2014 kambalame kena kogwedeza mcira kanalowa m'sitolo ya zakudya ya Tesco mu tauni ya Great Yarmouth ku Mangalande, ndipo kanakhazikika momwemo. Eni sitolo anaopa kuti zitosi zake zidzagwera pa cakudya. Mantha awo anali omveka, pakuti zitosi za mbalame zikhoza kunyamula tizilombo totsegula m'mimba, monga Salmonella.

Komatu lamulo la dzikolo la 1981 liteteza mbalame za kuthengo, mazira ndi zisa zomwe. Motero enisitolowo, atalephera kukapitikitsa, analandira cilolezo kwa a Natural England cakuti akaombere ndi mfuti. Anthu atamva anakwiya koopsa, ndipo potsiriza akatswiri a mbalame anakakola ndi ukonde nakakamasula kunja kali kamoyo. Zioneka kuti mfutiyo inaganiziridwa msanga, odziwa nchito asanaitanidwe.

Bvutoli lilipo kuno kwathu, kumene anamzeze amamanga zisa m'makonde a nyumba zodyeramo. Woyang'anira zaumoyo akafika safunsa mtembo wa mbalame ai. Iye afuna cakudya cobvundikira, sefa pa mazenera, ndi matebulo oikidwa patali ndi cisa. Ana akauluka, mwini nyumba atseke mpatawo.